Seal yatsopano ikudonthabe oyilo pa habu ya thiraki

Achimwene, mwati mwaika seal (kamphira kotseka oyilo kuti asatuluke) yatsopano pa habu yakumbuyo koma sabata isanathe oyilo wayambanso kudontha mpaka kunyowetsa ma lining a mabuleki. Nthawi zambiri vuto si seal, ndi kaikidwe.

Musanaike ina pukutani spindle (kumapeto kwa ekiselo komwe habu imalowa) bwinobwino kenako muyendetse chikhadabo pomwe seal imakhalapo, chikakola ndiye kuti yakale inadya kamzere pamenepo, pakufunika wear sleeve (kachitsulo kovekera pomwe padyekapo) apo ayi muzingotaya ndalama. Poika musamenye ndi hamala mwachindunji ngati mukukhoma msomali, imapindika osaoneka ndi maso, pezani driver (chitsulo cholowetsera seal) ya saizi yake ilowe mowongoka, mulomo wa seal uyang'ane mkati komwe kuli oyilo. Habu ija ndiyolemera, anyamata ambiri amangoikankha mpaka seal kugunda pa ma thread, yang'ambika kale galimoto isanayende. Habuyo ichirikizeni ndi dolly (kangolo konyamulira) kapena jeke.

Koma pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa nati. Pa ma habu a nati yosinthira aja, mangani mpaka 200 ft-lb pa torque wrench (sipanala yoyeza kamangidwe) uku mukuzunguza habu kuti ma bearing akhale pansi, masulani kuzungulira kamodzi, mangani pa 50, mubweze pang'ono molingana ndi buku la ekiselo yanu, ndiye muyeze ndi dial gauge (kawotchi koyezera kusuntha), kusewera kwa habu kukhale pakati pa 0.001 ndi 0.005 inchi. Zogwedeza ndi manja zija ayi.

Onaninso breather ya diff (kabowo kotulutsira mpweya pa ekiselo), fumbi likaitseka mpweya wotentha umathawira ku seal. Ma lining onyowawo sinthani basi, kutsuka ndi petulo sikuthandiza.