Azakhali, tebulo la magawo lija musalilembenso kaye

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndauona pa gulupu, ndiye ndati ndingolankhula, chifukwa kuti ndilembe zonsezi pangatalike. Mwati mwatsegula fayilo ya banki m'khonde mu Excel, tebulo lija la magawo ndi ngongole za mamembala silikuoneka, koma tsamba loyamba losonyeza ndalama zonse pamodzi lilipo. Ndiye mukuti usiku uno muyambe kukopera mwatsopano kuchokera m'timabuku ta mamembala. Iyayi azakhali, dikirani kaye. Mmene mwafotokozeramo, ine ndikuona kuti tebulolo lili momwemo, langobisika.

Koma musanagwire china chilichonse, chonde musadine Save. Apa ndipatsindike ndithu. Mu Excel munthu akafufuta tsamba lonse, Ctrl ndi Z yomwe timabwezera zolakwika siibweza tsambalo. Chomwe chimapulumutsa munthu n'kutseka fayilo osasunga, kuti ibwerere mmene inalili poyitsegula. Ndiye tsekani, ikakufunsani zosunga zosintha, dinani Don't Save. Kenako pitani pomwe fayiloyo imakhala, muikope, muiike pa fulashi kapena mu foda ina, ndipo zonse ndinenezi muziyesera pa yokoperayo. Yeniyeniyo isiyeni phee.

Tsono tsegulani yokoperayo. Mukaona kamzere kachikasu pamwamba kolembedwa Protected View, dinani Enable Editing, zimatero ndi mafayilo obwera kudzera pa intaneti. Mukatero dinani pa nambala ija ya ndalama zonse, kenako muyang'ane pamwamba, pa kampata kataliko komwe kali pafupi ndi zilembo fx. Umboni wathu uli pamenepo. Mukaona mawu oyamba ndi chizindikiro cha =, monga =SUM(Magawo!D2:D31), ndipo pansipo nambala ikuonekabe bwinobwino, dziwani kuti Excel ikuwerengabe kuchokera pa tebulolo. Singawonkhetse zinthu zomwe palibe. Ndipo mawu ali kumanzere kwa chizindikiro cha mfuwulo aja ndi dzina la tsamba lomwe tebulo lili. Likanakhala kuti tsambalo linafufutidwa, m'malo mwa ndalama mukanaona #REF! basi. Koma mukapeza kuti ndi nambala chabe yomwe munthu anangotayipa pamanja, popanda =, pamenepo sitinadziwe kanthu, tifufuzabe.

Chomwe ine ndikuchikayikira kwambiri n'choti tsambalo linabisidwa. Zimachitika mosavuta, makamaka pa laputopu, chifukwa mawu oti Hide ali pa mndandanda womwewo womwe munthu amatsegula akafuna kusintha dzina la tsamba, chala chikangoterereka latha. Zili ngati masamba awiri a kope akamatirirana, zolembazo zilipo koma mukutsegula mopitirira. Ndiye yang'anani pansi penipeni pomwe pamakhala maina a masamba. Ikani kamuvi pa dzina lililonse, dinani batani la kumanja la mausi, muona mawu oti Unhide. Akakhala akuda bwino, adineni, patuluka kabokosi kotchula masamba obisika, musankhe lanulo, OK. Akakhala otuwa osadinika, mwina palibe lobisika mwanjira imeneyi, kapena wina anatseka fayilo ndi Protect Workbook, yomwe ili pansi pa Review. Pamenepo ngati anaikapo pasiwedi, pafunika amene anakukonzerani fayiloyo. Ilipo njira inanso yobisira mozama, amati very hidden, yomwe tsamba silitchulidwa n'komwe pa Unhide. Imeneyo musavutike nayo, imafuna kulowa kuseri ndi Alt ndi F11, ndidzachita ndine.

Eya, ndisaiwale. Nthawi zina maina onse a masamba pansipo ndi omwe asowa, ndiye munthu amaganiza kuti kwatsala tsamba limodzi. Dinani Ctrl ndi Page Down, muone ngati ikukupititsani pa tsamba lina. Ikatero ndiye kuti n'kungobwezera Show sheet tabs mu File, Options, Advanced.

Tsono tinene kuti tsamba la magawo mwalipeza, koma pakuoneka mitu yokha, Dzina, Magawo, Ngongole, pansi pake palibe munthu ndi mmodzi yemwe. Yang'anani manambala a mizere kumanzere kuja. Akuyenda 1, 2, 3, kapena achoka pa 1 n'kulumphira pa 32? Akalumpha, mizere ya pakatiyo ilipo. Ndipo manambalawo akakhala a buluu, pa mutu wina n'kuoneka kachithunzi ka faneli, ndiye kuti ndi filter, yomwe imaonetsa mizere yokhayo imene munasankha n'kubisa inayo. Mwina tsiku lina munkafuna kuona okhawo amene sanabweze ngongole, ndiye pano onse abweza, filter ija itabwerezedwanso ndi Reapply palibenso wogwera m'gulu limenelo, tebulo likuoneka lopanda kanthu. Pitani pa Data, dinani Clear, anthu onse abwerera.

Apa azakhali mumvetsetse, chifukwa zikukhudza ndalama za anthu. Mzere wa Total umene Excel imaika pansi pa tebulo sugwiritsa ntchito SUM wamba, umagwiritsa SUBTOTAL, ndipo imeneyi imasiya dala mizere yomwe filter yabisa. Kutanthauza kuti filter ikatsala yoyatsidwa, chiwonkhetso cha pansi pa tebulo chimachepa, pomwe cha pa tsamba loyamba, ngati ndi cha SUM, chimawerenga onse. Mutha kukaima pamaso pa gulu ndi manambala awiri osiyana, inu musanatengepo ngakhale tambala, anthu n'kuyamba kuyang'anana. Inu ndinu msungichuma, dzina lanu ndi lomwe lili pamenepo. Ndiye chizolowezi chikhale chakuti musanawerengere anthu chiwerengero chilichonse, makamaka tsiku logawana, muzidina kaye Clear.

Manambala akalumpha koma sali a buluu, ndiye kuti mizereyo inangobisidwa ndi Hide. Dinani kakona kaja ka pamwamba kumanzere, pomwe zilembo A, B, C zimakumana ndi manambala, kuti tsamba lonse lisankhidwe. Kenako batani la kumanja pa nambala iliyonse, Unhide. Mubwerezenso pa zilembo za pamwamba, chifukwa nazo zimatha kuchoka pa A n'kufikira pa H.

Chinanso, tsamba la Excel ndi lalikulu kwambiri. Kuyambira Excel ya 2007 tsamba limodzi lili ndi mizere 1,048,576. Mukadina Ctrl ndi kamuvi kolozera pansi mosadziwa, mumapezeka kutali zedi komwe kuli mabokosi opanda kanthu okhaokha. Ctrl ndi Home ikubwezerani kumayambiriro, Ctrl ndi End ikufikitsani pomwe zolemba zathera. Komanso kumanzere kwa kampata ka fx kaja kuli kabokosi kakang'ono kolembedwa A1 kapena B4. Dinani kamuvi kake. Ngati tebulolo linapangidwa ngati tebulo lenileni la Excel, dzina lake, Table1 kapena lina, lituluka pamenepo, mukalidina likutengerani pomwe lili. Ndipo mukadina kabokosi kooneka kopanda kanthu koma pa fx n'kuoneka dzina la munthu, ndiye kuti zilembo zinasanduka zoyera pa pepala loyera, kungosintha mtundu wa zilembo basi.

Zonsezi zikakanika, tiyang'ane fayilo yomwe mwatsegulayo ngati ilidi yolondola. Fayilo imeneyi yayenda kwambiri pa WhatsApp, kwa alembi, kwa apampando, kubwereranso kwa inu, ndipo kawirikawiri ikatsitsidwanso imabwera ndi dzina lomwelo koma kumapeto kuli (1), (2). N'kutheka kuti mwatsegula yakale ya tebulolo lisanaikidwe. Muone tsiku lomwe iliyonse inasinthidwa komaliza. Muonenso mathero a dzina lake. Ikathera .xlsx zili bwino. Ikathera .csv, vuto talipeza. CSV imasunga tsamba limodzi lokha, lomwe linali lotsegulidwa panthawi yosungayo, ndipo mitundu, mizere yokongoletsa ndi mafomula, mawu aja oyamba ndi =, zonse imataya, kumatsala manambala ndi mawu okha. Excel imachenjeza ndithu, koma ndi Chingerezi chambiri, ambiri amangodina OK. Ubwino wake ngwakuti kusunga ngati CSV kumapanga fayilo yatsopano, ya .xlsx ija imatsala pomwe inali. Ifufuzeni mu Documents, mu Downloads, ngakhale mu Recycle Bin.

Nanga mutapeza #REF! uja, kusonyeza kuti linafufutidwadi n'kusungidwa? Ngakhale pamenepo musathamangire timabuku. Ngati fayilo imasungidwa pa OneDrive, malo osungirako mafayilo pa intaneti a Microsoft, pitani pa File, Info, Version History, muona mmene inkaonekera masiku am'mbuyo, mutsegule ya tsiku lomwe tebulo linalipo. Ngati laputopu inazima muli pakati pa ntchito, pa Info pomwepo pali Manage Workbook, chifukwa Excel imadzisungira yokha kakope mphindi 10 zilizonse ngati palibe amene anasintha zimenezo. Ndipo alembi a gulu angakhale ndi kope ya mwezi watha m'foni mwawo. Mukaipeza imeneyo, mungowonjezera misonkhano yotsalayo kuchokera m'timabuku, osati chaka chonse.

Ndiye panopa chitani ichi. Mukakopa fayilo ija, dinani pa ndalama zonsezo, mujambule sikirini yonse ndi foni, kuti pamwamba pa fx ndi pansi pa maina a masamba pazioneka bwino. Chithunzicho munditumizire kumbali, osati pa gulupu pano, chifukwa mwina muli maina a anthu ndi ngongole zawo, si zoti abale onse aziona. Fayilo yeniyeniyo musanditumizire musanawauze apampando anu. Ndikaweruka ndikuimbirani, laputopu ikhale yochajidwa, tidzadina limodzi inu muli pamenepo. Muwapatse moni onse kunyumbako.