Mkeka wabwino umadziwika padzuwa la m'mawa

Mayi wina wa ku Zomba watilembera pa imelo. Akuti chaka chilichonse mu June amabwera kunyanja, ndipo amaima pamsewu wa ku Monkey Bay kugula mikeka, malichero ndi mbiya, koma m'maso mwawo zonse zimangofanana, mwinanso zina sizitha miyezi itatu. Akufunsa kuti aziyang'ana chiyani.

Mayi, nyengo yomwe mumabwerayo ndi yabwino kuphunzitsira diso. Mu June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, motsika, choncho kanthu kalikonse kotukuka kamakhala ndi mthunzi wake. Dzukani isanakwane 8 koloko muone mtengo wa mlambe. Masamba onse amakhala atayoyoka, nthambi zili mbee, malambe ali lendelende, ndipo makwinya a khungwa lake amawerengeka limodzilimodzi. Pamchenga napo, mwera ukawomba usiku umasiya timizere ngati mwadutsa chipeso. Dzuwa likafika paliwombo zonsezi zimabisala. Katundu wa manja nayenso amatero, ndiye muzigula m'mawa kapena 4 koloko itadutsa.

Tiyambe ndi mkeka, poti ndiwo umanamiza anthu kwambiri. Amaluka ndi mlaza, masamba anthete a mgwalangwa, omwe amawang'amba timizere nkuyanika. Asanaluke amawanyowetsa pang'ono. Apa ndiye pagona nkhani. Mlaza ukauma kwambiri, makamaka ndi mphepo ya mwerayi, umathetheka popinda ndipo mkeka umatuluka ndi timinga tobaya. Ukanyowa mopitirira, umalukika bwino, koma ukadzauma umafota nkusiya mipata. Ndiye utambasuleni mkekawo, muukweze moyang'anitsa dzuwa. Kuwala kukamadutsa ngati pasefa, usiyeni. Kenako yendetsani chikhatho kupita uku ndi kubwerera: dzanja liyenera kutsetsereka osakodwa. Yang'ananinso kuseri, pomwe anasokerera mizere yolukayo. Msoko wabwino subisika kokha, umagonanso pansi osatumphuka, ndipo mkeka ukauyala m'mphepete mwake simupiringizika.

Lichero ligogodeni pansi katatu. Mukaona kaufa koyera kakugwa, nsungwi yake anaidula yosakhwima ndipo yayamba kale kufumbwa. Finyani mkombero ndi manja awiri. Ukamalira kapena kusuntha, sanaumange zolimba, ndipo mpunga wa ku Mangochi kuno udzayamba kuthawira pamenepo popeta.

Mbiya imafuna khutu. Igwireni pakamwa ndi dzanja limodzi, muigogode ndi chala pamimba. Yopsa bwino imati ngwee. Ikamveka ngati mukugogoda dzungu, ili ndi mng'alu kapena moto unaichepera. Miyezi inoyi oumba amavutika ndi mwera, chifukwa mphepo imaumitsa kukamwa pansi pakadali pauwisi, ndipo dongo limang'ambika pakhosi. Odziwa ntchito amaumitsira m'nyumba, pamthunzi, mpaka sabata ziwiri asanaotche. Mabala akuda apamimba musawaope, ndi pomwe panagona nkhuni, ndipo kwa ife ndiwo kukongola kwa mbiya. Kusalala kwenikweni kumachokera ku nsangalabwi yomwe amakhulira dongo lisanaumitsitse. Mukaipendeketsa padzuwa mudzaona timikwasa ta mwalawo tikutsatana. Kunyezimira kofanana paliponse, kopanda timikwasati, nthawi zambiri ndi kwa vanishi, ndipo mbiya yotero siziziritsa madzi poti situlutsa thukuta.

Pa ziboliboli tingonena mwachidule. Mpingo weniweni ndi wolemera moti umamira m'madzi, ndipo kunja kwa mtima wake wakudawo kumakhala thabwa loyererako, lomwe osema ena amalisiya dala kuti lioneke. Tengani kansalu koyera konyowa mupukute pansi pa chibolibolicho. Kakada, apaka polishi wa nsapato pamtengo wamba.

Mukafika nazo kunyumba, mkeka musaupinde ngati nsalu; ukulungeni ndi kuuimika pouma. Mbiya yatsopano muyambe mwaphikiramo phala la madeya kamodzi musanasungiremo madzi.