Mwana akasowa m'manja mwa boma, lamulo likuti chiyani?

Mayi, mwafunsa chifukwa chomwe amayi a ku Argentina, omwe ana awo anatengedwa ndi asilikali amene ankalamulira dzikolo pakati pa 1976 ndi 1983, ankakanira kuti khoti linene kuti anawo anamwalira, chikhalirecho chikalata cha imfa chikanawathandiza pa za chuma cha masiye. Mwafunsanso ngati mlandu wotere umatha zaka zikapita.

Poyamba amayiwo anachita zomwe loya aliyense akanawalangiza: kupempha khoti kuti lilamule boma kubweretsa womangidwayo pamaso pa jaji, zomwe timati habeas corpus. Jaji ankalembera apolisi ndi asilikali, yankho n'kubwera loti munthuyo sali m'manja mwawo, fayilo n'kutsekedwa. Atatopa, pa 30 April 1977 amayi 14 anakumana pa Plaza de Mayo, kutsogolo kwa nyumba ya boma ku Buenos Aires. Misonkhano inali yoletsedwa, ndiye apolisi atawauza kuti aziyenda, iwo anayamba kuzungulira pabwalopo awiriawiri. Kenaka zinakhala za Lachinayi lililonse, atavala mipango yoyera kumutu.

Mu 1979 asilikaliwo anakonza lamulo lofewetsa njira yolengezera kuti wosowa anamwalira. Apa ndi pomwe panali msampha. Mayi akasaina, funso loti "anamutenga ndani, ali kuti?" limasanduka nkhani ya maliro ndi katundu, boma n'kusamba m'manja. Ine ndimaona kuti amayiwo anazindikira msanga kuposa maloya ambiri. Mu 1994 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti khoti likhoza kulengeza kuti munthu "palibe chifukwa anasowetsedwa", banja n'kuyendetsa za katundu osavomereza imfa. Pa za chipukuta misozi amayiwo anasiyana maganizo: gulu la Hebe de Bonafini, mmodzi mwa atsogoleri awo, linakana ndalama za bomazo, ena analandira. Kulandira sikufafaniza mlandu wa wolakwayo.

Tsono za zaka. Kusowetsa munthu kumatengedwa ngati mlandu womwe ukuchitikabe tsiku lililonse mpaka zitadziwika komwe munthuyo ali kapena chomwe chinamuchitikira. Pangano la United Nations la 2006 limatero, ndipo limapatsa achibale ufulu wodziwa zoona. Ku Argentina malamulo a 1986 ndi 1987 anatchinjiriza asilikali ambiri, koma nyumba ya malamulo inawathetsa mu 2003, khoti lalikulu n'kugamula mu 2005 kuti anali osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Milandu inayambiranso, Jorge Videla, yemwe anatsogolera boma la asilikali lija, n'kufera m'ndende mu 2013.

Kuno ku Malawi, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa azionekera kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha nthawiyo ikathera pa tsiku kapena ola lomwe khoti silikhala. Wachibale akatengedwa ndipo polisi ikukana kuti ili naye, lembani tsiku, malo, nambala ya galimoto ndi mayina a mboni, ndipo pitani ku High Court kudzera kwa loya kapena a Legal Aid Bureau, osadikira kuti sabata ithe.