Ndikuchoka pa Windows kupita pa Linux: nanga maimelo ndi kalendala yanga ndizitani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene ndi mlembi pa kabungwe kakang'ono ku Zomba. Mwachidule akuti laputopu yawo ndi yakale, ikukana kulandira Windows 11, ndipo mwana wa achimwene awo wawalangiza kuti aikemo Linux Mint, mtundu wina wa Linux umene umayendetsa kompyuta ngati mmene Windows imachitira, m'malo mogula ina. Iwo alibe nazo vuto, koma kwa zaka zisanu ndi zitatu akhala akudalira Outlook powerenga maimelo ndi posunga masiku a misonkhano, ndiye akufunsa kuti ndi pulogalamu iti imene ingalowe m'malo mwake, popeza amva kuti Outlook sipezeka pa Linux. Ali ndi maadiresi awiri, ya Gmail ndi ya kuntchito imene anapatsidwa ndi kampani yosunga webusaiti ya bungwe lawo.

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Mwana wa achimwene anuyo sanakusocheretseni. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lowonjezera nthawi, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene makompyuta ambiri akale alibe. N'zoonanso kuti Outlook ya pakompyuta imene munaizolowera kulibe pa Linux. Pulogalamu imene ndikukulangizani ndi Thunderbird, yochokera ku banja la Mozilla lomwe limapanganso Firefox. Ndi yaulere, imabwera kale mu Linux Mint, ndipo kuyambira mu 2020 kalendala ili m'kati mwake momwemo, osati ngati chowonjezera choika padera monga zinkakhalira kale. Koma ndikanakhala kuti ndakuuzani dzina lokhalo n'kusiyira pomwepo, ndikanakulakwirani, chifukwa chimene chimasowetsa anthu mtendere akasamuka si maonekedwe a pulogalamu yatsopano ayi, koma kuzindikira mochedwa kuti makalata ndi masiku a misonkhano zinkakhala mu kompyuta imene yafufutidwa kale.

Choncho musanapereke laputopuyo kwa wina aliyense, tsegulani Outlook, pitani pa File, kenako Account Settings, ndipo muone mawu amene alembedwa pansi pa Type pafupi ndi adiresi iliyonse. Mupezapo POP, IMAP kapena Exchange. POP imagwira ntchito ngati munthu amene amapita ku positi, n'kutsegula bokosi lake, n'kutenga makalata onse kupita nawo kunyumba, moti nyumbayo ikapsa makalatanso apsa. IMAP ndiye ili ngati kuwerengera makalatawo ku positi konko n'kuwabwezera m'bokosi, ndipo n'chifukwa chake kalata imene mwaiwerenga pa foni imaonekanso kuti yawerengedwa pa kompyuta. Maadiresi ambiri a kuntchito amene anakonzedwa zaka zapitazo anaikidwa pa POP, ndipo ngati yanunso ili choncho, n'kutheka kuti makalata a zaka zisanu ndi zitatu ali mu fayilo imodzi yokha yothera ndi .pst, imene kawirikawiri imakhala mu foda ya Outlook Files m'kati mwa Documents. Ikopereni pa fulashi lero lomwe, Outlook ili yotseka.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu odziwa makompyuta. IMAP imanyamula makalata okha, sinyamula kalendala kapena mndandanda wa maadiresi a anthu. Ngati akaunti yanu ndi ya IMAP mu Outlook ya 2013 kapena yatsopano kuposa pamenepo, yang'anani dzina la kalendala yanu, ndipo mwina muona kuti patsogolo pake palembedwa mawu akuti This computer only. Mawu amenewa akutanthauza zenizeni zimene akunena. Ndinaona ndi maso anga mnzanga wina atabwera ndi laputopu yake kuchokera kwa wokonza makompyuta, ataikiridwa zonse zatsopano, makalata onse atabwerera bwinobwino, koma kalendala ili mbee, ndipo manambala a foni a makasitomala amene anawasonkhanitsa kwa zaka zambiri atapita. Tinakhala madzulo onse tikufufuza m'makalata akale kuti titolemo manambala m'munsi mwa maimelo, ndipo ambiri sitinawapezenso. Sindikufuna kuti zimenezi zikuchitikireni.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yosamuka kawiri m'malo mosamuka kamodzi. Poyamba sinthani pulogalamu ya maimelo mukadali pa Windows, ndipo mukakhazikika ndiye musinthe Windows yo. Thunderbird imagwira ntchito pa Windows, pa Mac ndi pa Linux mofanana, choncho muiike pa laputopu yanu panopa, Outlook ikadalipo. Izi n'zofunika chifukwa Thunderbird imatha kukoka makalata ndi maadiresi kuchokera mu Outlook pokhapokha ziwirizo zili pa kompyuta imodzi, kudzera pa Tools kenako Import. Mukafika pa Linux mwayi umenewu umakhala utatha, ndipo mumayenera kudalira kapulogalamu kotchedwa readpst kamene kamasandutsa fayilo ya .pst kukhala mafayilo a mbox amene Thunderbird imatha kuwerenga, kapena pulogalamu ya Evolution imene imatha kuwerenga .pst. Zonsezi zimatheka, koma n'zovutirapo kwa munthu amene wangoyamba kumene.

Kalendala muitulutse payokha. Mu Outlook muli Save Calendar pansi pa File, imene imapanga fayilo yothera ndi .ics, koma samalani chifukwa mukangodina Save osayang'ana, mutha kusunga masiku ochepa chabe. Dinani More Options, musankhe Whole calendar ndi Full details. Fayiloyo muilowetse mu Google Calendar ya adiresi yanu ya Gmail, pa Settings pomwe pali Import. Mukatero kalendala yanu yachoka mu kompyuta imodzi n'kukakhala pa seva, kompyuta ya pa intaneti yosunga zinthu zanu, ndipo Thunderbird imalumikizana nayo kudzera mu njira yotchedwa CalDAV, foni yanunso imaiona. Maadiresi a anthu muchite nawo chimodzimodzi, muwatulutse ngati fayilo ya CSV n'kuwalowetsa mu Google Contacts. Ngati m'kalendalamo muli nkhani zachinsinsi za bungwe, yambani mwafunsa akuluakulu anu ngati akulola kuti zikhale pa akaunti yanu ya Gmail, kapena mufunse kampani yosunga webusaiti ija ngati ili ndi CalDAV yakeyake, popeza zina zimakhala nayo.

Mukagwiritsa ntchito Thunderbird kwa masabata awiri kapena atatu, n'kutsimikiza kuti makalata akale alipo ndiponso misonkhano yobwerezabwereza ikuoneka pa masiku ake, pitani pa Tools kenako Export, ndipo ipanga fayilo imodzi ya zip imene mudzailowetse mu Thunderbird ya pa Linux Mint. Njira imeneyi imakana katundu akapitirira 2 GB, ndipo zikatero mumakopera foda yonse ya Thunderbird imene ili mu AppData, foda yobisika ya Windows.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangotsegula Gmail mu Firefox n'kuiwala za mapulogalamu onsewa. Kwa munthu amene ali ndi intaneti yosadukiza, yankho limeneli n'lokwanira. Koma inu ndi ine tikudziwa mmene zimakhalira bandulo ikatha pakati pa mwezi, kapena magetsi akazima n'kupita ndi rauta ya mu ofesi, bwana akufuna kalata ya chaka chatha nthawi yomweyo. Thunderbird imasunga makalata pa kompyuta, moti mutha kuwerenga, kufufuza ndi kulemba mayankho popanda intaneti, n'kudzawatumiza ikabwera. Chenjezo langa ndi lakuti tsiku loyamba imayesa kukoka makalata onse amene ali pa seva, ndipo akaunti yaulere ya Gmail imasunga mpaka 15 GB. Lowani mu Account Settings, pa Synchronization & Storage, muiuze kuti izisunga a masiku 90 apitawa okha ndiponso isamakoke makalata akuluakulu mpaka mutawatsegula nokha. Mukapanda kutero bandulo ya mwezi wonse itha kutha usiku umodzi.

Pa kalendala onetsetsaninso kuti nthawi yaikidwa pa Africa/Blantyre. Kuno kwathu sitisintha mawotchi, koma ku Britain amasintha kawiri pa chaka, choncho msonkhano wa 10 koloko m'mawa ku London umakhala 12 koloko masana kuno mu Januwale, koma 11 koloko mu Julayi. Kalendala imawerengera zimenezi yokha ngati dera la nthawi lili lolondola, ndipo mabungwe amene ali ndi abwenzi kunja amaphonya misonkhano chifukwa cha kanthu kakang'ono kameneka.

Malangizo onsewa asintha ngati pansi pa Type mupeza mawu akuti Exchange kapena Microsoft 365, kutanthauza kuti adiresiyo ili pa seva ya maimelo ya Microsoft. Pamenepo nkhani yabwino ndi yakuti makalata, kalendala ndi maadiresi zili kale pa seva. Chovuta ndi chakuti seva za Microsoft sizilankhula CalDAV, moti kalendala yake silowa mu Thunderbird mosavuta ngati ya Google. Apa ndimalangiza Evolution, pulogalamu ya gulu la GNOME imene maonekedwe ake amafanana kwambiri ndi Outlook yakale, pamodzi ndi chowonjezera chake chotchedwa evolution-ews. Dziwani komabe kuti Microsoft inalengeza kuti iyamba kutseka njira ya EWS, imene chowonjezerachi chimadalira, pa Exchange Online (Exchange ya Microsoft 365) mu Okutobala 2026, choncho kwa wogwiritsa ntchito Microsoft 365 chodalirika kwambiri ndi Outlook ya pa intaneti, yotsegula mu Firefox, imene imagwira ntchito bwino pa Linux. Palinso Kontact ya gulu la KDE, yamphamvu ndithu, koma ili ndi zokonza zambiri ndipo sindingaipereke kwa munthu amene akufuna kungoyamba ntchito Lolemba m'mawa.

Malinga ndi mmene mwafotokozera adiresi yanu ya kuntchito, ndikuganiza kuti mupeza POP kapena IMAP. Mukayang'ana mundilemberenso, mundiuze mawu amene mwapeza pa adiresi iliyonse komanso kukula kwa fayilo ya .pst ija, kuti tione ngati makalata akalewo akwezedwe pa seva kapena akhale mu Local Folders ya Thunderbird, mafoda osungidwa pa kompyuta yanu yokha. Ndipo mwana wa achimwene anuyo mumuuze kuti adikire kaye, asafufute kalikonse mpaka fulashi ija mutaitsegula pa kompyuta ina n'kuona kuti mafayilo a .pst, .ics ndi CSV alimo onse atatu.