Madzi a padenga lanu akathera kwa yani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Ali ndi poloti ya mamita 30 mbali zonse, pamene panali kanyumba ka makolo, mitengo ya mango ndi kamunda ka chimanga kuseri. Kanyumbako agwetsa, akufuna kumangapo nyumba zinayi za lendi ndi kuthira simenti bwalo lonse. Wowajambulira pulani wawauza kuti ku khonsolo akafunsa kumene madzi a mvula azidzapita, pomwe aneba a kumunsi anenetsa kuti akangoboola mpanda, iwo atseka. Mayiwa akuti: "Mvula ndi ya Mulungu, ndipo pamalopa takhalapo zaka zambiri. Lero yasanduka bwanji mlandu wanga?"

Mayi, mvula ndi ya Mulungu inde, koma malata ndi simentiyo ndi zanu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Poloti yanu ndi masikweya mita 900. Chimvula cha mamilimita 50, chimene mu Januwale sichidabwitsa munthu, chimakutsitsirani malita 45,000, kapena kuti migolo 225 ya malita 200. Kale ambiri mwa madziwa ankamwerera m'mizere ya chimanga ija ndi pansi pa mango, otsalawo n'kumatsetsereka pang'onopang'ono. Mukafolera ndi kuwaka paliponse, migolo pafupifupi 200 idzatuluka pa kabowo kamodzi ka mpanda, nthawi imodzi, molunjika pakhonde la anzanu. Anebawo sakuchita nsanje ndi nyumba zanu ayi.

Ndinazionapo ndekha kumene ndinkachita lendi zaka zapitazo. A kumtunda anaboola, ife a kumunsi tinatseka mabowowo ndi matumba a mchenga, tikudziona ochenjera. Usiku wina madzi anadikha kuseri kwa mpanda mpaka kufika m'chiuno, ndipo cha kum'bandakucha tinangomva kuti gumu! Mpanda wonse pansi, khola la nkhuku lapita, njerwa zili mbwee mpaka pakhomo la kukhitchini. Madzi saiwala khwawa. Choncho anebawo akatseka, nonse mudzalira, ndipo mpanda wogwawo mudzakanganirananso womanga.

Kumbali ya malamulo, lamulo la Physical Planning Act la 2016 limati chitukuko cha m'dera lokhala ndi mapulani, monga mzinda wa Lilongwe, chiyambe chalandira chilolezo. Kugwetsa nyumba imodzi n'kumangapo zinayi ndi chitukuko chatsopano, ngakhale malowo akhale a agogo anu. Ntchito zikuluzikulu zimadutsanso ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Amene anaona mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire, mumzinda wa Lilongwe, mu 2017 sangadabwe kuti khonsolo ikufunsa za ngalande: denga lililonse la kumtunda limathira mumtsinje womwewo.

Mayiko ena anachita kuikapo manambala. Ku England, kuyambira 2008, munthu wofuna kuwaka malo oposa masikweya mita 5 kutsogolo kwa nyumba ndi zinthu zosalowa madzi amayenera kupempha chilolezo, pokhapokha madziwo akamathera pa kapinga kapena pamaluwa ake omwe. Koma muyezo umene ndimaukonda ndi wa ku Durban, mzinda wa ku South Africa, chifukwa mmisiri aliyense angaumve: pa masikweya mita 40 alionse a denga kapena simenti, pakhale dzenje lomwetsa madzi, lija amati soakaway, lotha kusunga malita 1,000. Inu mukaphimba masikweya mita 800, mukufunika malo a malita 20,000. Apa m'pamene amisiri ambiri amalakwitsa. Dzenje likadzazidwa ndi miyala, madzi amangokhala m'mipata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye dzenje la miyala liyenera kukula katatu. Mukaona kukula kwa chidzenje chimenecho, mudzavomereza nokha kuti njira yotchipa ndi kuchepetsa simentiyo.

Wakani modutsa matayala a galimoto ndi tinjira ta kumakomo basi. Poimika magalimoto thirani kwale, kapena yalani njerwa zosiya mipata pamchenga. Chakumunsi kwa poloti siyani kachigwa kosaya ka kapinga, m'mphepete mwake mubzale vetiva, udzu womwe uja alangizi amatiuza kubzala pa akalozera kumunda. Mango amene atsala musadule. Alendi amakonda mthunzi kuposa bwalo la simenti lotentha ngati chiwaya mu Okutobala.

Musanakumbe soakaway, yesani dothi. Kumbani dzenje lofika m'chiuno pamene mukufuna kuiika, mulidzaze madzi katatu motsatizana, muone mmene akuphwera. Ngati mawa lake madzi akadali chiimire, ndiye kuti muli pa makande kapena m'mphepete mwa dambo, ndipo soakaway idzangokhala chitsime cha udzudzu. Pamenepo njira ndi kusunga madziwo m'thanki kapena m'dzenje lowaka, n'kumawatulutsa ndi kapaipi kakang'ono kupita mu ngalande ya kumsewu, khonsolo itavomera. Dothi likakhala lomwa bwino, dzenjelo litalikire maziko a nyumba ndi mamita osachepera 5, litalikirenso chimbudzi chokumba ndi chitsime. Madzi a padenga asalowe m'thanki ya zonyansa za kuchimbudzi. Ikadzadza, alendi adzakuimbirani foni pakati pa usiku.

Thanki yokolola madzi ndi yabwino, imachepetsa bilu ya madzi ochapira, koma isakunamizeni. Ya malita 5,000 pa denga la masikweya mita 150 imadzadza ndi mvula ya mamilimita 34 okha, ndipo pakati pa dzinja imakhala yodzadza kale. Paipi ya madzi osefukira ilunjike ku kachigwa kaja.

Pomanga, mchenga ndi dothi la pamaziko musaunjike m'ngalande ya kumsewu, ndipo pageti ikani kalavati, osati kukwirira ngalande kuti lole ilowe. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, tengani ambulera, muitane wojambula pulani uja ndi anebawo, muzungulire poloti mukuona kumene madzi akulowera ndi kumene akutulukira. Mukhomepo zikhomo, ndipo mizere ya ngalande pa pulani yopita ku khonsolo ichokere pa zikhomo zimenezo.