Kodi mabuku aulere a pa intaneti angamufikitse wophunzira wa ku koleji pomwe akufuna?

Achemwali, mwafunsa ngati kuli koyenera kudalira mabuku aulere a pa intaneti pamene mukuyamba maphunziro a ku koleji, popeza mabuku amene aphunzitsi akulemberani ndi okwera mtengo, ndipo makope ochepa amene ali m'laibulale ophunzira amachita kulimbirana. Langizo langa ndi lakuti muwagwiritse ntchito mopanda mantha, koma muyambe mwadziwa kusiyanitsa mabuku amene eni ake anawapereka mwakufuna kwawo kuti aliyense aphunzirepo, ndi mabuku ogulitsa amene wina anangowajambula n'kuwaika pa intaneti mwakuba.

Mabuku operekedwa mwakufunawa, pamodzi ndi manotsi, mavidiyo ndi mayeso oyeserera, amatchedwa Open Educational Resources, mwachidule OER, dzina limene linayamba kugwiritsidwa ntchito pa msonkhano wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, m'chaka cha 2002. Kuwazindikira n'kosavuta. Mukatsegula buku, yang'anani masamba oyambirira ngati pali chilolezo cha Creative Commons. Pakalembedwa CC BY, ndiye kuti mukhoza kulisunga, kulisindikiza, kugawira anzanu ngakhalenso kulisintha, bola mutchule amene analilemba. Pakawonjezedwa zilembo NC, ndiye kuti simukuloledwa kuchitira nalo malonda. Mabuku akuba aja ndi amene kawirikawiri amakhala osowa masamba kapena akale, ndipo masamba ena a intaneti amene amawagawa amabweretsa mavairasi mu kompyuta kapena mu foni.

Poyambira pabwino ndi OpenStax, ntchito ya pa Rice University ku America imene inayamba kutulutsa mabuku mu 2012. Kumeneko mupeza mabuku athunthu a bayoloje, kemisitiri, fizikisi, masamu, zachuma ndi za kapangidwe ka thupi la munthu, olembedwa ndi aphunzitsi a m'mayunivesite ndipo owunikidwa ndi aphunzitsi anzawo asanatulutsidwe. Kumapeto kwa mutu uliwonse kumakhala mafunso oti mudziyese nawo. Ngati mukufuna kuona mmene phunziro lonse limayendera, MIT OpenCourseWare, ntchito ya pa yunivesite ya MIT ku America, yakhala ikuika poyera manotsi, mavidiyo ndi mayeso akale kuyambira mu 2002, ndipo mayeso ena ali ndi mayankho ake. Palinso Open Textbook Library ya pa University of Minnesota, komwe mungawerenge ndemanga za aphunzitsi pa mabuku ambiri musanasankhe.

Ambiri akamanena za mabuku amenewa amangotchula ndalama zimene munthu amapulumutsa, koma ine ndimaona kuti phindu lalikulu ndi lakuti wophunzira amakhala ndi buku m'manja kuyambira tsiku loyamba. Maphunziro ambiri a ku koleji amayenda ngati kumanga khoma, mzere wa njerwa wa lero umakhala pa mzere wa dzulo. Wophunzira amene wakhala masabata oyambirira akudikira ndalama yogulira buku, kapena akudikira kuti mnzake alibweze ku laibulale, amafika pa mayeso oyamba asanamvetse maziko, ndipo mitu yotsatira imamuvuta ngakhale ali wanzeru. Zimandipweteka kuona munthu wotero akudziona ngati wolephera pamene chimene chinamusowa ndi buku chabe.

Izi si zongoganizira. Kafukufuku wa pa University of Georgia amene anasindikizidwa mu 2018, wokhudza ophunzira oposa 21,000, anapeza kuti m'maphunziro amene anasinthira ku mabuku a OER magiredi anakwera, ndipo chiwerengero cha olephera ndi osiyira panjira chinatsika. Kusinthaku kunali kwakukulu pakati pa ophunzira ochokera m'mabanja osauka ndi amene analembetsa maphunziro ochepa chabe pa nthawi imodzi (part-time). Kafukufuku wina amangosonyeza kuti ophunzira amakhoza mofanana ndi anzawo ogula mabuku, ndipo kwa munthu amene alibe ndalama yogulira, ngakhale zimenezo ndi nkhani yabwino.

Komabe musangodzaza foni ndi mabuku khumi amene simudzawatsegula. Tengani ndondomeko ya phunziro imene aphunzitsi akupatsani, sankhani buku limodzi pa phunziro lililonse, ndipo lembani kuti sabata iliyonse ikugwirizana ndi mutu uti. Kenako pitani kwa aphunzitsiwo mukawaonetse bukulo ndi kuwafunsa ngati pali mitu imene likusiyana ndi buku limene iwo anasankha, chifukwa mayeso adzachokera pa zimene iwo aphunzitsa. Koperani buku lonse ngati PDF pamene intaneti ilipo kuti muziwerenga ngakhale kulibe netiweki, ndipo mitu yovuta muisindikize kuti muzilembamo ndi pensulo.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa. Mabuku ambiri a OER ndi a maphunziro a chaka choyamba ndi chachiwiri, choncho mukamakwera mudzayamba kudalira kwambiri laibulale ndi nkhani za kafukufuku. Ndiponso ambiri analembedwera ophunzira a ku America, kotero kuti pa masamu ndi sayansi zimayenda bwino, koma pa malamulo, misonkho, kayendetsedwe ka boma kapena mbiri ya dziko simungasiye buku limene aphunzitsi akuuzani, popeza zimenezi zimasiyana dziko ndi dziko. Pa maphunziro oterowo, ngati ndalama ndi yochepa, iyambe yapita ku mabuku amene aphunzitsi akuuzaniwo, ndipo ena onse muwapeze kwaulere. Mukamalemba asainimenti, buku la OER mulitchule monga mungatchulire buku lina lililonse, chifukwa kukopera mawu ake popanda kunena kumene mwawatenga ndi mlandu umene ungakulepheretseni phunziro lonse.