Tifunseni za makompyuta: Ndigule graphics card iti pa ka Dell kanga?

FUNSO: Achimwene, ine ndili ndi ka Dell OptiPlex 9020 kopyapyala kaja ka mu ofesi, ndinagula kakaunjika, purosesa ndi i5-4570, RAM 8GB. Gemu ya GTA V ikumangokokakoka ndipo ya mpira ija ya FC 24 ndiye sindikuyesa n'komwe. Pa Facebook mkulu wina akugulitsa RX 580 ya 8GB motchipa, wina ali ndi GTX 1050 Ti akuti ya nyuwani mu bokosi, yotchipa kuposanso. Ndalamazi ndasunga movutika ndiye sindikufuna kulira. Nditenge iti? — Wowerenga wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene, ziwiri zonsezo zisiyeni kaye. Zimitsani kompyutayo, zulani waya kukhoma, tsegulani chivundikiro, muyang'ane kabokosi kachitsulo komwe kumalowa waya wa magetsi, ndiye power supply imeneyo. Pali sitika. Pa 9020 yopyapyalayo mupeza palembedwa 255W. Nambala imeneyi ndi imene ikusankhireni khadi, osati mtengo wa pa Facebook.

RX 580 payokha imadya 185 watts, imafuna waya wakewake wa mapini 8 wochokera ku power supply, ndipo opanga amati mukhale ndi power supply ya 500W. Yanuyo ilibe waya ameneyo olo mmodzi. Komanso khadiyo ndi yaitali ndi yonenepa, mu kabokosi kanuko siyingalowe, chivundikiro sichitseka. Ena amakuuzani kuti ingogulani ka adaputala kochoka pa waya wa SATA, uja wopereka magetsi ku hard disk, kupita pa mapini 8, chonde musamvere, ka waya ka SATA sikanapangidwire moto wochuluka choncho, kamatentha mpaka pulasitiki kusungunuka ndipo mukhoza kutaya khadi ndi motherboard nthawi imodzi. Mwina mukuganiza zosintha power supply, komatu pa 9020 a Dell anaika pulagi yawoyawo ya mapini 8 pa motherboard m'malo mwa ija ya mapini 24 imene ili pa makompyuta ambiri, ndiye pofunika adaputala ina, bokosi lina, mukawonkhetsa zonse ndalama ija yotchipa yasanduka yambiri.

Chimene makina anu akufuna ndi khadi yokoka magetsi pa siloti pomwe yabayidwapo basi. Siloti imeneyi, yotchedwa PCIe, imapereka mpaka 75 watts, ndiye khadi isapitirire pamenepo, ndipo ikhale ya low profile, zija zazifupi kachitsulo ka kumbuyo. Zilipo ndithu. GTX 1050 Ti ya 2016 ndi 75 watts, 4GB. GTX 1650 ya 2019 nayo 75 watts, 4GB, koma imathamanga kuposa 1050 Ti moonekeratu. Pali RX 6400 ya 2022 imene imadya 53 watts zokha, ndiye pali RTX 3050 ya 6GB imene inatuluka 2024, 70 watts, iyi ndiye yamphamvu pa gulu lonseli koma mtengo wake ndi wina. Samalani, pali RTX 3050 inanso ya 8GB, imeneyo imafuna waya, si yanu.

Ine ndikanakhala inu ndikanasaka GTX 1650 low profile. GTA V pa 1080p iyenda bwinobwino, eFootball, Fortnite, Euro Truck Simulator 2, zonsezo bho. RX 6400 ndimaikayikira pa makina ngati anu chifukwa imagwiritsa ntchito mizere inayi yokha ya PCIe, inapangidwira PCIe 4.0 pomwe 9020 ili ndi 3.0, ndiye gemu ikadzaza 4GB ija imayamba kudodoma, komanso ilibe kachipangizo kojambulira vidiyo ya gemu, ngati mumafuna kuponya ma clip pa TikTok muvutika nayo. Ubwino wake ndi umodzi, zambiri ndi zoonda, zimatenga malo a siloti imodzi. Apa mpofunika kuyeza ndi rula musanalipire, chifukwa pa ma Dell ang'onoang'onowa siloti yaikulu imakhala pafupi kwambiri ndi power supply ndipo ma 1650 ambiri ndi onenepa malo a masiloti awiri. Jambulani mkatimo ndi foni, muonetseni wogulitsa, kapena nyamulani kompyutayo pa minibasi mupite nayo, si yolemera.

Tsopano 1050 Ti ya nyuwani mu bokosi ija. Imeneyi ndiye ikundidetsa nkhawa kuposa RX 580. Khadi ya 2016 kupezeka ya nyuwani lero, yotchipanso kuposa yakaunjika, pamenepo pali kanthu. Makhadi abodza a 1050 Ti anadzaza pa intaneti, amatenga khadi yakalekale ngati GTS 450 ya 2010, n'kusintha BIOS yake, kapulogalamu ka mkati mwa khadi, kuti Windows izilemba kuti GTX 1050 Ti 4GB. Mukabaya imaonetsa chithunzi bwinobwino, dzina likuoneka, inu n'kulipira, kufika kunyumba mwatsegula gemu yangozima. Yang'anani kumbuyo kwake. Mukaona pulagi ya VGA, ya buluu ija ya tizibowo 15, bwezani pomwepo, 1050 Ti yeniyeni ilibe VGA, imakhala ndi HDMI, DisplayPort ndi DVI. Chinanso bokosi lake limakhala lopanda dzina la kampani yodziwika ngati MSI, Gigabyte, Zotac kapena Asus. Ikani pa fulashi pulogalamu ya GPU-Z, yoonetsa zambiri za khadi, ndi yaulere komanso yaing'ono, makhadi ambiri oterewa imawalemba FAKE pafupi ndi dzina.

Khadi iliyonse yakaunjika musalipire isanayake pamaso panu. Wogulitsa akakana kuyesa, musiyeni. Tsegulani gemu kapena FurMark, pulogalamu yoyesera makhadi, kwa mphindi 15, muziona kutentha pa GPU-Z, kukamakwera mpaka cha m'ma madigiri 90 ndiye kuti phala loziziritsira mkatimo lauma kapena fani yatopa. Ikani khutu pafupi mumve ngati fani ikukhwekhwereza, ndipo pa sikirini pasaoneke timizere kapena timadontho tobiriwira. Musanyengedwenso ndi GT 710 kapena GT 730 zolembedwa 4GB pa bokosi, ma GB ambiri si liwiro, amenewo ndi makhadi ongoonetsera chithunzi. GT 1030 nayo ili mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri.

Za FC 24 ndikuuzeni zoona kuti musadzakhumudwe. A EA, opanga gemuyi, analemba kuti pochepetsetsa pakhale GTX 1050 Ti kapena RX 570, RAM 8GB, ndi purosesa ya i5-6600K. Khadi ya 1650 yakwana, koma i5-4570 yanu ndi ya 2013, ili pansi pa mzere umenewo, ndiye musadabwe ikamagwiragwira. Ndalama ikatsala wonjezerani RAM ifike 16GB, ndi DDR3 ndipo yakaunjika imapezeka, timitengo tiwiri tofanana osati kamodzi, ndipo ngati mukadali pa hard disk ikani SSD. Patsogolo mukhoza kupeza i7-4770 kapena i7-4790, zimalowa pa soketi yomweyo.

Mukabaya khadi, waya wa monita muuchotse pa motherboard muulowetse pa khadipo, ambiri amaiwala n'kumati khadi sikugwira. Ngati monita yanu ndi ya VGA yokha, gulani ka adaputala ka HDMI kupita ku VGA.

FUNSO: Ine yanga ndi ya bokosi lalikulu, i5-10400, power supply 500W, panopa muli GT 1030. Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa, andigulire RX 580 kapena chiyani? — Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Inu ndiye muli pabwino amwene. RX 580 ikhoza kulowa ndipo 8GB yake ikadali ndi ntchito, koma ndi khadi ya 2017 ndipo zambiri zili pamsikazi zinagwira ntchito yokumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti, usana ndi usiku mpaka September 2022 pomwe kukumbako kunatha, ndiye zinatayidwa pamsika zambirimbiri zitatopa. Zina zolembedwa RX 580 2048SP mphamvu yake ndi ya RX 570. Ngati thumba likulola, auzeni alamu asake RX 6600, ya 2021, 8GB, imadya 132 watts koma imaisiya kutali 580. Ikavuta, GTX 1660 Super ya 6GB, 125 watts. Zonse ziwiri zimafuna waya mmodzi wa mapini 8, ndiye tsegulani muone ngati power supply yanu ili naye, ndipo ngati ili ija yopepuka yopanda dzina yobwera ndi bokosi, 500W yolembedwayo musaikhulupirire, alamu abweretsenso ina ya Corsair kapena Cooler Master. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kunoku, ikaniponso surge protector yeniyeni, osati ekisitenshoni wamba, ndipo magetsi akathima zulani pulagi kukhoma mpaka atabwera n'kukhazikika. Alamuwo aiyese komweko asananyamuke, asungenso lisiti.